Pansi pa Mzere

Lolemba, 4 Marichi

Chipale chofewa chayamba kusungunuka, ndiye msewu wathu wa Garnet waonetsanso manyazi ake onse. Kanjira ka simenti ka oyenda pansi kanaphwanyika kalekale, mizu ya mitengo inakatukula mbali zonse ziwiri. M'mawa ndaona a Cleophus pa njinga yawo ya olumala pakati penipeni pa msewu, lole ya zinyalala ili pambuyo kuliza hutala. Iwo osatekeseka n'komwe, angokweza chipewa kundipatsa moni.

Mwana wawo wa ku Atlanta, Renita, wanenetsa kuti kanjirako kakapanda kukonzedwa, mu Juni abwera kudzawatenga. Zaka 34 makomo athu akuyang'anizana. Mwamuna wanga atamwalira ndi iwo ankandichotsera chipale pakhomo, mwendo usanadulidwe. Sindikufuna apite, basi. Ndalemba, poti palibe awerenge.

Lachiwiri, 5 Marichi

Ndinapita ku khonsolo. Ndakumana ndi Mayi Wozniak, amene amayang'anira ndalama zochokera ku Washington zotukulira madera a anthu opeza movutikira. Mayi wabwino, koma mapu ake ndi abodza. Madera oyenera thandizo anawapaka mtundu wobiriwira, Garnet ali mbee. Akuti owerenga anthu anatiphatikiza ndi nyumba zatsopano za kuphiri zija, zokhala ndi magalaja atatuatatu.

Ndinati, "Mayi, ndiye kuti ife ndife olemera? Bwanji osatiuza kale?"

Aseka, kenaka ati njira ilipo. Fomu ifike nyumba iliyonse, zonse 88. Pafomupo pali mzere wa ndalama malinga ndi kukula kwa banja, munthu angochonga ngati zimene amapeza pachaka zili pamwamba kapena pansi pa mzerewo. Oposa theka akakhala pansi, Garnet alowa m'gulu, komiti idzatiganizira pa 19. Mafomu abwerere pofika pa 15.

Ntchito yochepa imeneyo. Ndayendetsa basi ya sukulu zaka 27, theka la msewuwu ndinalipukuta mamina.

Lachitatu, 6 Marichi

Nyumba 47 lero! Fomu yanga ndadzaza kale, ndaiika pamwamba ngati chitsanzo kuti anthu asavutike. Makapu asanu a khofi, chidutswa cha payi wa mbatata kwa Odessa, mnzanga wa ku kwaya. Aliyense wandilandira bwino, wachonga ine ndili chilili pomwepo. Mapazi akuwawa koma ndasangalala.

Lachinayi, 7 Marichi

Ndamaliza, nyumba zisanu zokha ndi zimene ndinapeza zotseka. Ndayala mafomu patebulo, mutu waima. Ochonga pansi pa mzere alipo 19 okha. Ena onse pamwamba.

Koma anthu a pa Garnet! Odessa, amene Loweruka lililonse timakatenga limodzi katoni ya zakudya zaulere ku tchalitchi, pamwamba. Banja la pakona lija amathimitsa chotenthetsera nyumba masana, pamwamba. Ndipo mwini nkhani, a Cleophus Tanner, pamwamba.

Ndinaoloka msewu ndili ndi masilipasi.

"Achimwene, chuma chimenechi mumabisa kuti? Pansi pa matilesi?"

"Ine ndagwira ku fakitale ya magalasi zaka 31, sindinapemphepo munthu."

"Ndiye mwasankha Atlanta?"

Anandiyang'ana pamwamba pa mandala awo aja. "A Marvella, ine ndangotsanzira chitsanzo. Kapena penshoni ya mabasi a sukulu anakweza osatiuza?"

Zoona zake n'zakuti inenso ndinachonga pamwamba. Ndinaganiza kuti fomu yanga msewu wonse uiona, ndiye bodza limodzi lokha lingaononge chiyani pa nyumba 88. Kenaka ndinaliyendetsa bodzalo khomo ndi khomo ngati mbale ya chopereka. Ndani akanavomera umphawi pamaso pa Marvella wolemera? A Cleophus anaseka mpaka kutsokomola. Ine sizinandiseketse, manyazi okhaokha.

Lachisanu, 8 Marichi

M'mawa ndinakaulula kwa Mayi Wozniak. Ndimayembekezera kukalipiridwa, koma anaseka mpaka kuvula mandala. Akuti mafomuwo sakanawalandira ngakhale akanatikomera, chifukwa munthu sayenera kuchonga mnzake akumuyang'ana. Analiponso maenvulopu, ine ndinawasiya pa desiki pawo poganiza kuti n'zongochedwetsa. Andipatsa mafomu atsopano, maenvulopu ndi bokosi lokhoma, kiyi akhala naye iwo. Lamulo limodzi: ndisauze munthu pochonga. Ndinafunsa ngati kuulula machimo anga n'kololedwa. Ati zimenezo boma silinaletse.

Madzulo ku holo ya tchalitchi kunali nsomba zokazinga monga mwa Lachisanu lililonse la Lenti, ndipo Garnet yense anali pomwepo. Ndinamenya sipuni pa kapu, ndikuimirira.

Ndinati, "Abale, fomu ndinakuonetsani ija inali bodza lamkunkhuniza. Ine ndili pansi pa mzere. Ndili pansi kwambiri moti mzerewo ndimauona ngati ndege. Inu zanu sindikuzidziwa, ndipo ulendo uno sindidziwa. Envulopu iyi, bokosi ilo."

Kenaka Odessa, chisoti chake chapepo chija chili pamutu, anati, "Chemwali, timadziwa. Galimoto yakoyo timaimva ikutsokomola m'mawa ulionse."

Holo yonse inafa nacho chikhakhali. Wina kumbuyo anakuwa kuti iye anachonga pamwamba poopa kuti ndikauza apongozi ake. Ndadya nsomba ziwiri, yachiwiri anandigulira a Cleophus. Akuti n'chithandizo cha kwa osauka.

Loweruka, 9 Marichi

Bokosi lili pakhonde panga. Anthu akumaponya envulopu n'kuthawa ngati akuba.

Lachiwiri, 12 Marichi

Odessa anabweretsa envulopu yake atavala magolovesi oyera. Anaiponya, n'kunena kuti, "Usandiyang'ane choncho, mwina ndachonganso pamwamba." Ndamugawira theka la nkhuku yanga yootcha.

Renita anandiimbira foni. Mwanayu si woipa, amangoopa. Akuti usiku sagona poganiza kuti tsiku lina adzalandira uthenga woti bambo ake agundidwa. Ndamuuza kuti atipatse mpaka pa 19.

Lachisanu, 15 Marichi

Ndinakapereka bokosi 9 koloko. Masana foni. Mayi Wozniak: maenvulopu 84, ndipo oposa magawo awiri mwa atatu ali pansi pa mzere. "Mayi Oakes, zabwino zonse, msewu wanu ndi wosauka."

Chibadwire sindinasangalalepo chonchi ndi umphawi! Ndinatuluka panja kukuwa, "Tasauka! Tasauka!" Makomo kutseguka, Odessa kululutira, a Cleophus kuliza kabelu ka njinga yawo. Wopereka makalata anangotiyang'ana n'kufulumiza mwendo.

Lachiwiri, 19 Marichi

Komiti inakhala 4 koloko m'chipinda cha khonsolo. Anthu asanu ndi anayi kutsogolo, ife a Garnet mizere itatu ya mipando, aliyense zovala za ku tchalitchi. Ndinawanong'oneza kuti tchena yotereyi itilakwitsanso.

Opempha tinalipo ambiri, ndalama zochepa. Ena akufuna denga la nyumba yogona anthu osowa pokhala, ena makina otenthetsera ku sukulu ya mkaka. Nditamva za dengalo mkwiyo wonse ndinabwera nawo unatha, nawonso akuvutika zenizeni. Aliyense mphindi zitatu, koloko ili pakhoma. A Cleophus anagwiritsa imodzi yokha. Anati, "Mabwana, ine sindiopa malole. Amene akuopa ndi mwana wanga, ndiye akufuna kundichotsa pamsewu umene ndakhalapo moyo wanga wonse. Ndithandizeni ndikhale kwathu." Ndinalira, sindikana.

Anakambirana, kudula apa, kuonjeza apo, kenaka kukweza manja. Asanu ndi awiri avomera! Koma ndalama zakwana mbali imodzi yokha ya msewu chaka chino, ya kum'mawa, kumene kuli siteji ya basi ndi famase. Ntchito iyamba mu Meyi. Mbali inayo tidzapemphenso chaka chamawa.

Anthu kuomba m'manja, kukumbatirana. Ine ndinali nditawerenga kale m'mutu. Kum'mawa ndi mbali yanga. A Cleophus amakhala kumadzulo, ndiye kuti adzafunikabe kutsikira mumsewu kuti afike pa simenti yatsopanoyo, ndipo Renita zimenezo sangazimve. Chimwemwe chonse chinandithawa.

Potuluka ndinawakankhira a Cleophus njinga mpaka pa chikepe. Odessa ali pomwepo, Mayi Wozniak ali pomwepo ndi mafayilo awo. A Cleophus anavula chipewa, n'kumachizunguza m'manja.

"A Marvella, boma lanena kuti mbali yabwino ndi yanu."

"Ndamva."

"Ine ndi boma sitilimbana. Likati munthu asamukire kum'mawa, amasamuka."

"Kum'mawa kulibe nyumba ya lendi, achimwene."

"Sindikunena za lendi. Ndipo za uchimwenezi mwina tizisiye, zingawasokoneze abusa."

Odessa anakuwa kuti "Yesu wanga!" mpaka chisoti kupendekeka. Mayi Wozniak anayamba kuwerenga manambala a chikepe ngati sanawaonepo. Ine, wa pakamwa posatseka, ndinangowauza a Cleophus kuti avale chipewa kunja kukuzizira.

Lachitatu, 20 Marichi

Sindinawayankhe. Munthu wa zaka 66 sayankha zinthu zotere pa chikepe.

M'mawa ndinabwereka tepi yoyezera kwa Odessa, osamuuza ya chiyani, ngakhale nkhope yakeyo inaonetsa kuti akudziwa. Ndinaoloka msewu, a Cleophus ali pakhonde ndi khofi. Ndinagwada n'kuyeza njinga kuchokera tayala ili kufika linalo, iwo akundiyang'ana. Mainchesi 27. Ndinabwerera kwanga, kuyeza chitseko cha kumaso. 30.

Ndinaima pakhonde n'kukuwa, msewu wonse ukumva, "Ikwana! Muimbireni Renita!"