Laputopu ya Bambo Yafika ku Techiman

Serwaa 10:12
asisi Afra muli pa line? ndalakwitsa chinthu chachikulu

Afrakoma 10:19
ndili ndi makasitomala iwe. wapserezanso mpunga wa amayi?

Serwaa 10:19
ayi. dzulo bambo anati ndisamutse ma email ndi manambala awo kuchoka pa kompyuta ya kunyumba kupita pa laputopu yawo ya paulendo. ati wamaliza sukulu, tione phindu lake

Serwaa 10:20
inandifunsa kt ndisamutse ziti. ndinadina zonse. ndinkafuna andiyamikire

Serwaa 10:20
zonse asisi. ndi za amayi zomwe

Afrakoma 10:21
zimene ndakhala ndikuwalembera chithawireni?

Serwaa 10:21
eya. ndi ija munalongosola njira ya kwanu ku Sunyani, kuseri kwa tchalitchi, geti lobiriwira

Afrakoma 10:21
fufuta msanga bambo asanaone

Serwaa 10:22
laputopu palibe. bondo la bambo latupa usiku, ndye ku Techiman atuma alamu a Boakye. apita nayo

Serwaa 10:27
asisi?

Afrakoma 10:30
Techiman ndi pano mpafupi Serwaa. Boakye wawerenga?

Serwaa 10:31
anaitsegula m'galimoto, aona dzina lanu, batire n'kutha. aitchaja koma ikufuna password. bambo amaiwala ndye ndinaika yanga. palibe wina akuidziwa

Serwaa 10:32
tamvani zomwe anditumizira

🎤 Mawu a Boakye, 0:26
Mlamu wanga wamng'ono, kamtsikana kofatsa. Tumiza tizilembo tija. Botolo la mowa wa ukwati bambo ako sanandibwezere, ndiye mkulu wakoyo akadali mkazi wanga. Mano awiri ndinam'gulula aja ndinkangomulangiza. Lero ndikam'peza azimwa phala mpaka kumanda. Ukandichedwetsa, ndikabwera ndiyambira iwe.

Afrakoma 10:34
galu ameneyu. usamuyankhe

Afrakoma 10:35
mwana ali ku sukulu ya mkaka kutsidya kwa msika. ndikamtenge, nditole tizovala, ndikwere minibasi ya trotro. ungapirire kanthawi?

Serwaa 10:35
ndiyesa. koma mukundidziwa. aphunzitsi akangondiyang'ana ndinkayamba kulira

Serwaa 10:51
alamu awaimbira bambo. tsopano bambo adziwa kt amayi ankadziwa komwe muli

Serwaa 10:52
akuti mwawachititsa manyazi pamaso pa banja la eni ake. mbale zonse zili pansi. amayi awagwetsera pa mbaula, mkono wapsa

Serwaa 10:53
ndili ku bafa ndakhoma

Afrakoma 10:58
usatsegule. ndamtenga Nhyira, tikuthamanga

Serwaa 11:02
loko wake ndi wa msomali uja asisi

Foni ya Afrakoma sinayankhidwe 11:05
Foni ya Afrakoma sinayankhidwe 11:09

Afrakoma 11:10
Serwaa yankha plz

Serwaa 11:24
ndilipo

Serwaa 11:24
anazula chingwe cha kompyuta. kumsana ndi m'miyendo. bondo lotupa lija silinawaletse

Serwaa 11:25
ndawapatsa password yabodza. apita kukhonde kukawaimbira alamu. sindinawanamizepo bambo chibadwireni

Afrakoma 11:26
🎤 mawu, 0:14
Mwana wa amayi, apatse basi. Apatse. Mwamunayo ndinam'vomera ndine, iwe walakwa chiyani? Usafere za ine.

Serwaa 11:27
muli pati

Afrakoma 11:27
pa depoti. takwera koma siinadzaze, kwatsala anthu anayi. dalaivala wakhala pansi akudya mpunga wa waakye ngati dziko ndi lake

Serwaa 11:28
ikanyamuka mundiuze. akubwera

Afrakoma 11:36
atatu

Afrakoma 11:44
mayi wina wa tomato wakwera. awiri. Serwaa?

Foni ya Afrakoma sinayankhidwe 11:47

Serwaa 11:58
ndanena

Serwaa 11:59
pepani asisi. za ine ndikanapirira. koma anasiya ine n'kugwira amayi pakhosi, kuwatsamiritsa kukhoma. maso a amayi anatuluka. ndinangomva pakamwa panga pakunena

Serwaa 12:00
ndikulemba ndi dzanja lamanzere, linalo zala sizikupindika

Afrakoma 12:00
amayi akupuma?

Serwaa 12:01
akupuma. anti a nyumba yoyandikana alowa ndi ana awo aamuna, bambo akhala pansi. amayi akuti musalire mthamange

Serwaa 12:03
alamu atumiza chithunzi. email ija yatseguka. alemba kt geti lobiriwira, zikomo mlamu

Serwaa 12:03
akuti anyamuka pa njinga yamoto yahayala

Afrakoma 12:04
watsala mmodzi. ndamuuza kondakitala kt ndikuthawa mwamuna, wandiyang'ana pakamwa n'kukam'dzutsa dalaivala

Serwaa 12:11
asisi

Serwaa 12:16
asisi chonde

Afrakoma 12:22
tatuluka m'tauni. Nhyira wagona pamiyendo. ndawerama mpaka tadutsa pa roundabout

Afrakoma 12:23
mng'ono wanga iwe. kamtsikana koopa nkhuku. ndidzakubwezera ndi chiyani

Afrakoma 12:24
pita kuchipatala ndi amayi, akuone dzanjalo. tikafika ndikutumizira nambala yatsopano. uwauze amayi kt tikupita kwa

Serwaa 12:24
AYI

Serwaa 12:24
musalembe

Serwaa 12:25
alamu akapeza chitseko chokhoma abwera kuno madzulo. lero ndadziona mapeto anga. akagwiranso amayi ndidzanenanso

Serwaa 12:26
musandiuze komwe mukupita. nambalayonso musatumize. azindimenya ndisakudziwa

Afrakoma 12:27
ndye ndidzakupeza bwanji

Serwaa 12:29
ndikufufuta zonsezi tsopano. mumpsompsone Nhyira

Afrakoma 12:29
Serwaa dikira kaye

Afrakoma 12:41
Serwaa