Azimayi a Tomato pa Khoma la Haswell

Lolemba, 3 Okutobala 1994

Kutentha. Ntchito imodzi yokha, chikwangwani cha wometa tsitsi. Penti yofiira yakweranso mtengo ku Chipata.

Buku lopanda chikuto lija anandisiyira abambo a ku mishoni ndafika nalo pakati. Chingerezi chake chouma ngati chimanga cha chaka chatha, koma ndikukukuta. Likunena za Pompeyi, tauni ya Aroma imene phiri linaikwirira ndi phulusa. Atafukula anapeza buledi akadali mu uvuni. Ine chandigwira mtima ndi makoma. Kunali olemba zikwangwani ngati ine! Nthawi ya masankho ankalemba poyera: ophika buledi akufuna uje, ogulitsa zipatso akufuna uje. Wolembayo n'kuika dzina lake pansi. Anthu ndi amenewo. Ife kuno kung'ung'udza kuseri kwa nyumba basi.

Lachinayi, 6 Okutobala

Masankho a komiti ya msika ali pa 15. Mlamu wanga Haswell akupikisana ndi Whiteson, amene wakalambira pampando, ndipo ndiye amagawa matebulo. Haswell wandipatsa khoma la golosale yake. Zilembo zotalika ngati mkono, mizere iwiri:

AZIMAYI ONSE A TOMATO
AKUFUNA HASWELL.

Pansi dzina langa, Manasseh. Sindinafunse munthu. Kufunsanji? Si omwewa amadandaula za Whiteson pakhonde panga, mkazi wanga Jemima akuwathirira tiyi?

Lachisanu, 7 Okutobala

Tryphena, wa tebulo loyandikana ndi la Jemima, wandipeza ndili pamakwerero. Ngakhale moni. Akuti, "A Manasseh, pakamwa pathu tinakubwelekani liti?" Ndinamuuza kuti ndalemba zoona, woopa zoona adziphimbe chitenje kumaso. Ndinakweza mawu. Anjinga mpaka anaima.

Kunyumba Jemima anangondiikira nsima n'kukagona.

Lachiwiri, 11 Okutobala

Whiteson wasuntha tebulo la Jemima. Kuchoka pachipata, pamene wagulitsa kuyambira mwana wathu Kenan ali kumsana, kupita kudzala. Ntchentche zokhazokha. Akuti akukonza mizere. Enawo wawauza kuti khomalo likakhala chomwecho, nawonso atsatira. Theka la tomato labwerera kunyumba, wofewa kale.

Ndinanyamuka kuti ndikamuuze zake. Jemima anatseka pakhomo: "Awiske Kenan, mwalankhula kale. Zakwana."

Lachitatu, 12 Okutobala

Burashi sindinaigwire. Buku basi. Mutu umene ndinaudumpha: m'mawa uliwonse anthu wamba a tauni ija ankandanda pakhomo pa munthu wolemera kukamulonjera. Iye kuwateteza pa milandu, kuwapatsa kangachepe. Pa masankho mavoti awo onse n'kukhala ake.

Ndiye ophika buledi aja analimba mtima, kapena anali a bwana wina? Wolembayo anawafunsa? Buku silikunena. Akazi sankavota n'komwe, koma mayina a ena ali pamakomapo. Mwina panali wina ngati ine, penti m'manja, kulankhulira anthu amene m'mawa mwake akakhale pamsika, iye ali phee kwawo.

Zoonazo zinali zawo. Ine ndinangozitola pakhonde.

Lachisanu, 14 Okutobala

M'mawa ndinapita kukhoma kuja ndi laimu wofufutira. Haswell kudandaula. Ndinamuuza akagule burashi yake.

Ndafufuta mzere wapamwamba, wa azimayiwo, ndikuti ndiyambe wachiwiri, uyu Jemima, dengu pamutu. Anayang'ana khomalo. Akuti, "Pamenepo lekani. Pakauma mulembe dzina langa." Ndinamuuza kuti Whiteson akapambana, za pachipata aiwale mpaka kalekale. Akuti, "Nidziwa. Nanga tebulo ni lanu?"

Ndalemba. JEMIMA AKUFUNA HASWELL. J yapendekeka.

Masankho mawa. Iye wapitirira kudzala kukayala tomato wake.