Matimati a pa Vesi Yachiwiri

Lolemba, 6 Malichi

A Dewey, amene ndimalemba nawo nyimbo, abwera teni koloko ndi gitala yawo, tikulembera kukhitchini kuno chifukwa Bambo sindingawasiye okha. A Deweywo atha zaka makumi atatu akulemba nyimbo mu Nashville muno, ine zinayi zokha, ndiye amandinyoza mmene akufunira. Vesi yoyamba yatheka. Nyimboyi ndi ya momwe Bambo anafunsirira malemu Mayi.

Bambo ali pampando wawo pakona, duu. Chiwagwireni sitiroko mu Novembala mawu amatuluka okhota, ndiye anangosiya kuyankhula. Manyazi. Mayi wina amene amawaphunzitsa kuyankhula akuti akapanda kuyesa miyezi ino, mawuwo apita ndithu. Ndikuopa.

Lachiwiri, 7 Malichi

Makadi a zithunzi ophunzirira kuyankhula Bambo awakankhira pansi. Ndawakalipira, kenako ndakalira m'galimoto.

Lachitatu, 8 Malichi

Vesi yachiwiri yatikanika. Ndinalemba kuti mnyamatayo anafika pakhomo ndi maluwa, chifukwa liwulo likugwirizana bwino ndi mapeto a mzere wapamwamba. A Dewey akuti, "Darla, maluwa amenewa ndawamva m'nyimbo chikwi. Unawaona kapena wangowatola poti akukwana?" Ndati ndinali ndisanabadwe, ndikanawaona bwanji? Akuti ukayamba kusankha mawu chifukwa cha kumapeto kokha, nyimbo imayamba kunama. Amandikwiyitsa akamanena zoona.

Lachinayi, 9 Malichi



Ndimayimbanso mzere wa maluwa uja kachisanu, kenako pakona pamveka kugogoda. Bambo akumenya mkono wa mpando. Pakamwa pakulimbana, nkhope yafiira. Ndimati ndiwathandize, a Dewey andigwira dzanja kuti ndikhale chete. Tadikira, mwina mphindi yathunthu.

"Ma... matimati."

Kenako, "M'chi... chidebe."

Si maluwa ayi, anafika ndi matimati a m'dimba mwawo, m'chidebe cha penti! Mayi sanandiuzepo zimenezi. Ndaseka misozi ili mbwee.

A Dewey sanawayamikire ngati mwana, angofufuta mzere wanga n'kunena kuti, "Achimwene, mwatipatsa ntchito. Liwu logwirizana ndi matimati tilipeza kuti?" Tasintha vesi yonse kuti matimatiwo akhale pakati pa mzere, chidebe kumapeto. Yakoma kuposa kolasi, mpaka nsanje.

Pomaliza alemba pamwamba pa pepala mayina atatu: Dewey Pruitt, Darla Sizemore, Harlan Sizemore. Bambo apukusa mutu. A Dewey akuti, "Lamulo la tauni ino simulidziwa? Amene ali m'chipinda n'kuponyamo liwu, walemba nawo. Sindinaliyambitse ine." Bambo ayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

Lachisanu, 10 Malichi

Ndatsika mochedwa, tsitsi lili nyankhalala, khofi ndisanaphike. Ndapeza mpando wapakona uli wopanda munthu.

Bambo ali patebulo. Avala malaya a kutchalitchi, mabatani aphonyana, ndipo ameta ndevu okha ndi dzanja lamanzere, adzicheka pawiri. Patsogolo pawo pali pensulo.

Ndati, "Bambo, lero a Dewey sabwera, Lachisanu amalemba ndi anthu ena."

Andiyang'ana, akoka mpando wa pambali pawo, aumenya ndi chikhato.

"Iwe," atero. "Khala."

Ndakatenga gitala.