Ng'ombe za malowolo a Marjory

Champhira, Mzimba
14 Novembala

Wokondedwa mng'ono wanga Tumbikani,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joniko, ndipo ntchito yako yoyala matailosi ikuyenda. Kuno tadzuka. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma kutchalitchi sajomba. Alamu ako a NyaJere ndi ana ali bwino. Mvula sinagwebe.

Udabwa kulandira kalata pomwe foni ndili nayo. Ndakuimbira katatu konse, koma ukayankha ndimangofunsa za nyengo ngati chitsiru. Pakamwa pandikanika, n'chifukwa chake ndapatsira pepalali Goodluck woyendetsa basi uja.

Nkhani ndi ya ng'ombe zako zinayi, zomwe unandisungitsa kuti zikhale malowolo a Marjory.

Ukudziwa kuti dibi la kuno linafa kalekale, aliyense amapopera yekha mankhwala a nkhupakupa. Muyeso wanga zaka zonsezi wakhala umodzi, womwe anandiphunzitsa malemu bambo: zivindikiro zinayi za botolo m'ndowa imodzi ya madzi. Muyesowu sunandigwiritsepo mwala.

Sabata yatha ndinapita ku Jenda kukagula ena. Mayi wa m'sitolomo anati akale aja sakubweranso, n'kundipatsa kabotolo kakang'ono. Anandichenjeza kuti ndi aukali kwambiri, nayamba kutchula mamililita pa lita iliyonse. Kenako anandifunsa kuti ndowa yanga imalowa malita angati, kuti andiwerengere.

Kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu, ena a mpingo wathu womwe. Ine bambo wa imvi, mwana wa Mngoni, ndinene pagulu kuti ndowa yanga yomwe sindiidziwa? Ndinangoti, "Napulika mama, yewo chomene," n'kutuluka. Ndinanena kuti ndamva, koma chomwe ndinamva panalibe.

Kunyumba a NyaJere anandipempha kuti ndidikire alangizi a ziweto, poti amadutsa Lachinayi. Ndinawayankha kuti ng'ombe sitiweta ndi bolopeni. Mumtima ndinkati kabotolo kochepa chonchi kangakhale ndi mphamvu yanji. Ndinathira zivindikiro zanga zinayi, n'kupopera bwinobwino mpaka m'makutu ndi kunsi kwa mchira. Ndinayambira zako, poti ndizo zinali ndi nkhupakupa zambiri, ndipo madzi anandithera ndisanafike pa zanga.

Pofika masana zinayamba kunjenjemera, thovu lili chuu kukamwa. Tinazitsuka ndi sopo, tinazimwetsa makala osinja, koma ayi ndithu. Dzuwa lisanalowe zitatu zinali zitafa, kuphatikizapo yofiira ija yomwe inali ndi bere. Yatsala imodzi, nayonso ikudya mwaulesi.

Alangizi atabwera anawerenga pabotolopo, analemba manambala pachikhatho, n'kundiuza kuti mankhwala a ndowa khumi ndinawathira m'ndowa imodzi. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Analetsa kudya nyamayo, choncho tinakumba dzenje kuseri kwa khola. Amayi anaima potero atagwira ndodo yawo, ndipo anangoti chibadwire sanaonepo ng'ombe ikuikidwa m'manda ngati munthu. Chiyambire tsikulo sanandiyang'ane kumaso.

Tumbikani, ndili ndi manyazi osaneneka. Ine ndinathawa sukulu Sitandade 5, ndipo ndinkakuseka ukamalimbana ndi masamu, kumati zimenezo n'za aphunzitsi. Lero paliponse akundifunsa manambala. Pobzala chimanga akuti masentimita, kuchipatala mankhwala a mwana akuti malinga ndi makilo ake. Kulikonseko ndimangogwedeza mutu ngati ndamva, ndipo ndinkayesa kuti ndidzafa osagwidwa.

Koma sindinathe kukuuza zonse. Lamulungu lapitali kunabwera thenga wa kwa a Marjory ku Embangweni. Akuti abambo ake a Marjory adikira zaka zitatu ndipo zakwana, akufuna adzaone ng'ombe ndi maso awo Khirisimasi isanafike. Anandinong'onezanso kuti pali mwamuna wina amene wayamba kufunsa za mtsikanayo, ndipo khola lake n'lodzaza.

Atapempha kuti aone kukhola, ndinamuuza kuti ng'ombe zili kudambo. Ndinamuperekeza mpaka kumsewu ndikuseka naye. Kupha ng'ombe kunali kupusa, koma bodzali ndinalinena ndikudziwa, ndipo ndi lomwe likundidya.

Ng'ombe zanga ziwiri za ngolo ndipereka, ngakhale zitanthauze kulima ndi khasu chaka chino. Koma ndi zofula, ndipo ukudziwa kuti akuchikazi amafuna zobereka. Sindikhulupirira kuti azilandira.

Ndiye ndiuze chochita. Ndikagwade ndekha ku Embangweni ndikanene zoona, kapena uyambe ndiwe kumuuza Marjory asanamve kwa anthu? Mudzi wonse unaona dzenje lija, ndipo nkhani siigona panjira. Iwe wakhala ukugwada pasimenti ya eni zaka zitatu kuti upeze ng'ombezi, ine ndazimaliza tsiku limodzi poopa kufunsa funso limodzi. Mtsikanayo akakwatiwa kwina, usadzanene kuti anakulanda ndi mwamuna uja. Ndakulanda ndine.

Mulungu akusunge kumeneko. Upereke moni kwa asibweni a Keith ndi onse akwathu amene mumaonana. A NyaJere akuti ndikupatse moni, ndiponso akuti iwo anandiletsa. Akunena zoona.

Ndine mkulu wako, ngati ukadanditchulabe choncho,

Aaron