Mundiyezere Khomo la Amayi

Manassas, Virginia
18 Epulo 1999

Okondedwa achimwene a Jesse,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi chifuwa cha amayi chija chinaleka? Ife kuno tilipo, chisanu chatha ndipo mitengo yayamba kuphukira.

Pali zina zimene sindinakuuzeni chichitikire ngozi ya galimoto ija, zaka zitatu zapitazo. Munamva za miyendo, koma msana utathyoka chikhodzodzo nachonso chinaleka kundimvera. Mkodzo unkangotuluka wokha. Kutchalitchi ku Annandale ndinasiya kupita tsiku limene ndinanyowetsa chikuku changa choyendera ulaliki uli mkati. Mlamu wanu Modesta amasambitsa nkhalamba tsiku lonse kuntchito, pofika kunyumba n'kudzayambanso ine. Sanadandaulepo, koma ine ndinkalephera kumuyang'ana kumaso.

Mu Febuluwale madokotala anandichita opaleshoni. Analumikiza timawaya ku mitsempha ya kumunsi kwa msana, n'kuika kachipangizo mkati mwa khungu cha pamimba. Ndikafuna kutaya madzi ndimagunditsa kabokosi pamalopo, magetsi ochepa amadzutsa mitsempha ija, basi zatheka. Dokotala anandiuziratu kuti miyendo yokha sidzayenda, ndiponso kuti mitsempha ina imene adule sidzabwerera. Ndinavomera.

Tsiku loyamba kumva mkodzo ukugwera m'botolo pa nthawi yofuna ine mwini, ndinakumbukira pachulu paja kwa Bawi, tikuweta mbuzi za amalume, tikupikisana woponya mkodzo patali. Inu munkabera poimirira pamwamba penipeni. Ndinaseka mpaka namwino anabwera kudzafunsa ngati ndikumva ululu. Ndinalephera kumufotokozera, chifukwa apo n'kuti kuseka kutasanduka misozi.

Ndasowa kwathu, achimwene. Ndasowa fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, ndi mawu a amayi akukalipira nkhuku pakhonde. Ana athu Cedric ndi Ellah amamva Chichewa koma amayankha m'Chizungu, ndipo agogo awo amangowadziwa pachithunzi. Chimene ndinkaopa ndi maola ambirimbiri a m'ndege, koma dokotala wati pofika Ogasiti ndingathe.

Pempho langa ndi limodzi. Mutenge chingwe, muyeze kukula kwa khomo la nyumba ya amayi, mudule pomwepo, munditumizire mu envulopu. Ngati chikuku sichingalowe, tiuze mmisiri akulitse. Sindikufuna mudzandinyamule ngati thumba la chimanga amayi akuona.

Za chikhodzodzozi zikhale za ife awiri. Amayi mungowauza kuti asagulitse mtedza wonse, wodya akubwera.

Moni kwa amayi, alamu anga, achemwali a Rosina ndi ana onse. Modesta akuti Mulungu akusungeni mpaka tidzagwirane chanza.

Ndine mng'ono wanu,
Bester