Lona Lopendekeka

Lachinayi, 13 Ogasiti

Tafika masana, kudzapuma masiku ochepa kutchire. Maola asanu pagalimoto kuchokera ku Leamington, tauni yomwe timakhala. Nkhalango yokhayokha, udzudzu. Tenti imodzi yaikulu ya zipinda ziwiri: apongozi uko, ine ndi mwamuna wanga Abram ndi mwana wathu Lena kuno. Lena akwanitsa miyezi isanu mawa. Kachimfine pang'ono. Matewera 42, ndawerenga kawiri.

Apongozi aamuna amanga lona pamwamba pa tebulo lophikira. Lathyathyathya, ngodya zinayi kumitengo inayi, monga ankamangira kwathu ku Chihuahua, kotentha komwe tinachokera, pothawa dzuwa. Kuno vuto si dzuwa. Mitambo bii chakumpoto. Zaka zitatu ndinagwira ntchito m'nyumba zapulasitiki zolimamo tomato, denga lathyathyathya sindinalionepo. Ndinafuna kunena. Ndinangoweramira mbatatesi zanga, kusenda.

Lachisanu, 14 Ogasiti

Mvula chiyambire m'mawa. Lona linadzaza madzi, kulendewera ngati mimba ya ng'ombe. Apongozi kulikankha ndi ndodo. Chingwe chinaduka, madzi onse m'poto wa soseji. Abram anaseka, n'kusiya ataona nkhope ya bambo ake.

Ndiye akuti mbaula ya gasi ilowe m'tenti. Abram kuinyamula. Anaiika mapazi atatu kuchokera pogona Lena, zipi zonse zotseka chifukwa cha mphepo.

Pambali pa mbaula pali kapepala kachikasu. Sukulu ndinalekeza chaka chachisanu ndi chimodzi, Chingerezi changa n'chochepa, koma ndinawerenga ndi chala, katatu. Osayatsa m'tenti. Mpweya wake suoneka, sununkha, umapha munthu ali m'tulo. Ndinawaonetsa apongozi aamuna ndili chozyolika.

"Timapepala timeneto amalembera anthu a m'tauni. Ine ndinayamba kuyatsa moto iwe usanabadwe."

Atapita kukatunga madzi ndinamasula kapaipi ka gasi, n'kuponya m'thumba la epuloni.

Loweruka, 15 Ogasiti

Dzulo buledi ndi jamu. Lero m'mawa buledi ndi jamu. Khofi palibe.

Anafufuza kapaipi m'galimoto, m'mabokosi, m'matope. Kenako apongozi aamuna anandifunsa pamaso pa onse. Ndinati kali ndi ine, ndipereka mbaula ikatuluka panja. Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Ine amene ndimachita manyazi kupempha mchere patebulo.

Iwo osandiyang'ana. "Abram, kodi unakwatira mkazi kapena wapolisi?"

Abram anandikokera kuseri kwa galimoto. Akuti ndingopereka, atsegulako zipi pang'ono. Akuti bambo ake ndi dikoni, nkhani ikafika kumpingo ndidzakhala mkazi uja wosamva. Ndinamufunsa kuti pang'ono pakepo ndi zala zingati, kuti Lena adzuke ndithu. Sanadziwe. Inenso sindikudziwa. N'chifukwa chake sindipereka.

Palibe wondilankhula tsiku lonse. Nsapato zonyowa, masokosi onse onyowa. Ndinalira kuchimbudzi, kapaipi kali m'thumba. Anditchule dzina lililonse. Mwana ndi wanga.

Lolemba, 17 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Lamulungu sitigwira ntchito. Ine ndinagwira.

Atayamba nyimbo m'tenti ndinapereka Lena kwa apongozi aakazi, n'kutuluka. Ndinakwera patebulo, kumanga chingwe chimodzi cha lona pamwamba penipeni pa mtengo. Mbali ya mphepo ndinaitsitsa mpaka m'mawondo, zikhomo zisanu pansi. Mbali zitatu zotsegula kuti mpweya uzidutsa. Mfundo iliyonse kawiri. Ndinanyowa mpaka zamkati. Nyimbo inaima pakati pa vesi, ndinadziwa kuti akundisuzumira. Sindinacheuke. Madzi tsopano akutsetsereka okha, kugwera m'ndowa.

Mbaula anaitulutsa apongozi aakazi. Okha, osayang'ana amuna awo. Zaka ziwiri ndili pabanjali, sindinawaonepo akuchita kanthu osafunsa kaye. Anangoti, "Bweretsa kanthu kako kaja, mwanawe, mutu wandiwawa masiku atatu popanda khofi."

Soseji, mbatatesi, anyezi. Ndinadya mbale ziwiri.

Apongozi aamuna akuti denga langa lapendekeka ngati chipewa cha chidakwa, ndipo lomangidwa tsiku la Mulungu iwo sakhalamo. Anadya chiimire pamvula, mbale ikulowa madzi. Malo analipo pabenchi. Sindinawaitane.

Lero chimodzimodzi, m'mawa ndi masana. Akutsokomola. Ndinawawiritsira tiyi wa uchi, n'kutuma Abram. Anamwa. Sanafunse wophika.

Lachiwiri, 18 Ogasiti

Tikupakira. Mvula ikadalipo, yowaza. Zonse tizipinda zonyowa, tikayanika kunyumba.

Abram akuti tikafika ndikapepese pamaso pa abale onse, apo ayi bambo ake sadzapondanso pakhomo pathu. Ndalingalira ndikukwecha mapoto. Ndikapepesa chifukwa chokweza mawu. Za Lamulungu ndikapepesanso, ngakhale zimenezo n'za ine ndi Mulungu. Za kapaipi ayi. Akadzalowetsanso mbaula pogona mwana wanga, ndidzamasulanso.

Ndamuuza Abram zomwezi, mawu omwewa, kuti asakadabwe pagulu. Wandiyang'ana nthawi yaitali ngati mlendo. Ndinayesa akalipa. Wangofunsa kuti mfundo ya pamwamba ija ndinaimanga bwanji, yamukanika kumasula.

Akundidikira pansi pa mtengo kuti ndikamuonetse. Adikire kaye, ndimalize kuyamwitsa.