Mphepo Yozizira ya Dalitso

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Kapata ndi Okutobala, ndipo mukudziwa mmene dzuwa la Chipata limachitira mapiri akatsekereza mphepo. Malata akulira okha masana, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Ndakhala pamthunzi kuti ndikuuzeni zakuno, poti chikuikireni m'manda zachitika zambiri.

Ndiyambe ndi zabwino. Mwana wanu Tereza wachira ku Chiparamba, wabereka mwana wamkazi, mphumi ngati yanu. Tamupatsa dzina lanu. Chimanga chawo sichinachite bwino chifukwa mvula inadula chitangomasula, koma mtedza wawapulumutsa. Mbuzi yanu yakuda ija inalowa m'munda wa thonje lopopera mankhwala, inafa.

Tsono nkhani yaikulu. Dalitso, mwana wanu wotsiriza, wabwerako ku migodi. Ntchito inatha, ndipo wabwera akudwala. Sindikubisirani, Amayi, ndi matenda omwe ano amene anthu akuopa kuwatchula dzina. Thupi latha, akutsokomola, ndipo zilonda za pakhungu zimamuwawa akatuluka thukuta. Ayenera kumapita kuchipatala cha mishoni kukalandira mankhwala a chifuwa, ulendo wafumbi lokhalokha. Koyamba tinakwera lole pamodzi ndi anthu. Mayi wina anasuntha mwana wake, bambo wina anatseka mphuno ndi mpango. Dalitso anakomoka ndi kutentha tisanafike, ndipo atatsitsimuka anandiuza kuti sadzapitanso, bola kufera m'nyumba.

Sabata yomweyo kunabwera alongo anu, amalume a Zakaliya. Maganizo awo anali akuti timutengere kumudzi, tikamugoneke m'kanyumba ka kuseri kwa nkhokwe, tizidikira. Anawonjeza kuti galimoto ya abambo igulitsidwe kwa ophwasula kuti papezeke za bokosi. Ananena izi Dalitso ali kuchipinda, chitseko chili chotsegula. Ndinawagwadira monga munatiphunzitsira, ndinawapatsa madzi akumwa, kenako ndinati, "Amalume, mlongo wanga akupumabe. Za bokosi mukanenere kwina, osati pakhomo pano." Anachoka osatsanzika. Kumudzi akufalitsa kuti kugwira sipanala kwandichotsa ulemu. Asiyeni anene. Inu munkati wodwala safuna mankhwala okha, amafunanso womuyang'ana m'maso.

Galimotoyo mukuidziwa, yobiriwira ija ya mphuno yaitali, imene abambo anagula kwa wansembe wobwerera kwawo ife tisanabadwe. Abambo atamwalira munabweza ogula onse, n'kumailiza Lamulungu lililonse kuti injini isagone. Imayendabe, koma masana mkati mwake ndi uvuni. Ukatsegula mawindo fumbi limalowa, chifuwa cha Dalitso n'kudzuka. Ukatseka, munthu amapsa. Ndiye ndinadzifunsa: ine ntchito yanga ndi yokonza mafiriji a m'magolosale ndi m'mabala a m'tauni muno. Ngati ndimaziziritsa mowa wa zidakwa, ndingalephere kuziziritsa mlongo wanga?

Galimotoyo anaipanga yopanda choziziritsira mkati, choncho chilichonse ndinachita kuganiza ndekha. Kompuresa, amene ndi mtima wa makina onse, ndinamuchotsa pagalimoto yochita ngozi imene inatayidwa kuseri kwa galaja ina. Malo omuikapo panalibe, ndiye ndinadula chitsulo cha bedi lakale n'kukachiwotcherera kuti chimugwire pambali pa injini. Lamba woyamba anaduka. Wachiwiri ankalira ngati nkhumba yomangidwa, mpaka nditawongola timawilo take kuti tiyang'anane bwino. Kabokosi kotulutsa mphepo ndinakapinda ndi lata n'kukamangirira kunsi kwa dashibodi, mkati mwake muli mapaipi a mkuwa ndi fani ya lole. Amuna a kugalaja ankabwera kudzaonerera pampanda. Ena ankati injini yokalamba chonchi singasenze katundu wina. Ena ankanong'onezana kuti ndikukonzera mtembo firiji. Mawu amenewo ndinawamva, Amayi. Ndinalirira kunsi kwa galimoto kumene sankandiona, kenako ndinapukuta m'maso n'kupitiriza kumanga. Paja pondiperekeza kusukulu ya ntchito zamanja munandiuza kuti chitsulo sichidziwa kuti wachigwira ndi mkazi.

Pa za injini amuna aja sananame. Tsiku loyesa, gasi yense woziziritsira anathawira pamfundo ina ya mapaipi, ndinachita kuipeza ndi thovu la sopo. Nditatseka pamenepo ndinakwera nayo chitunda, madzi a mu rediyeta n'kuwira, nthunzi ili tolotolo. Ndinabwerera kunyumba anthu akundikankha, agalaja aja akuwomba m'manja. M'mawa mwake ndinatsuka rediyeta, ndinaika fani ina kutsogolo, ndinachotsa dainamo yakale n'kuika yamphamvu kuti batire isamathe. Ndaphunziranso kuti pokwera phiri ndizizimitsa makinawo, potsika ndiziyatsa. Nkhalamba siisenzetsedwa mitolo iwiri pachitunda.

Masiku onsewo Dalitso ankandiyang'ana pawindo. Tsiku lina anatuluka akugwirira khoma, anakhala pampando, n'kundiuza kuti waya wina ndamulumikiza molakwika. Paja kumigodi anali wa zamagetsi. Zinali zoona. Kuyambira pamenepo za mawaya zinali zake. Manja ake amanjenjemera, ndiye iye ankaloza, ine n'kumamanga, akundikalipira ndikachedwa. Anayambanso kudya phala osakakamizidwa.

Lachiwiri lapitali tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Ndinamukhazika kutsogolo, mawindo onse otseka. Ndinadutsira dala pamsika wa Kapata ndi pagalaja paja, pang'onopang'ono, kuti aliyense amuone. Iye sanabise nkhope. Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, anthu m'njira akudzipukuta thukuta, ndinangomva akuseka, kuseka kuja ankaseka ali mwana.

"Asisi," anatero, "chepetsani. Ndazizidwa."

Ndinaimitsa galimoto, ndinamufunditsa chitenje changa, tonse tikuseka mpaka misozi. Tinafika kuchipatala ali maso, ndipo analowa yekha ndi miyendo yake.

Sindikudzinamiza, Amayi. Anamwino anandiitanira pambali, ndipo ndikudziwa chimene chikubwera. Mphepo yozizira sichiritsa matenda amenewa. Koma nanga tizingokhala titapinda manja? Dzulo Dalitso anandiuza kuti chibadwire sanaonepo njovu, ndipo akufuna tipite kuchigwa cha Luangwa mvula isanagwe. Aliyense wamva akuti ndi misala. Akuti kuchigwa mwezi uno ndi kumoto, msewu ndi woipa, wodwala sayenda ulendo wotere. Ine ndagula kale lamba wina wosungira, ndadzaza zigubu za madzi, ndipo bulangete lake ndalipinda lili pampando.

Ndikukulonjezani, njovuzo akaziona. Tsiku limene adzafike kumene muliko sadzabwera chimanjamanja, adzakhala ndi nkhani yoti akusimbireni. Koma musafulumire kumuyalira mphasa, Amayi. Kuno sitinathane naye.

Mundiperekere moni kwa abambo, muwauze kuti galimoto yawo ikuyenda.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,
Misozi